Ine Ndimangowayatsira

Chilonda cha pachala chaching'ono cha kuphazi kwa a Malata chinakana kupola. Chinayamba ngati masewera, nsapato yantchito itawakhula pang'ono, koma miyezi inadutsa chili chomwecho, ndipo tsopano m'mbali mwake munayamba kuda. Make Mapasa, mkazi wawo, ndiye ankachitsuka m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Akamasula bandeji ankayamba wapuma kaye, chifukwa ankaopa zimene akaone. Phazilo linkazizira ngati simenti ya m'bafa, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Dokotala sanazungulire. Anati mitsempha ya m'miyendo yachepa m'kati, magazi sakufika bwino kuzala, ndipo chimene chikuthira mafuta pamoto ndi fodya amene bamboyo wakhala akusuta kuyambira ali mnyamata. Akapanda kusiya, chala chidzadulidwa, ndipo mwina mpeni sudzathera pachala pokha.

Mawu amenewa anamukhala pamtima Make Mapasa. Amuna ake ankakhoma madenga, n'chifukwa chake anzawo anawapatsa dzina la Malata, mpaka dzina lenileni linatsala la pachitupa chokha. Munthu wokhoma denga amadyera mapazi ake. Amakwera makwerero, amayenda pamatabwa opyapyala, amanjuta pamalata otsetsereka hamala ili m'manja. Phazi likapita, ntchito yapita, ndipo ana awo amapasa anali asanamalize sukulu. Pa nthawiyi kapitawo anali atawatsitsa kale padenga, n'kuwapatsa ntchito yapansi yocheka matabwa ndi kulangiza anyamata mpaka chilonda chitapola.

A Malata anayesa kusiya fodya paokha. Anapirira mpaka madzulo a tsiku lachiwiri, atakalipira mphaka, ana, wailesi ndi chitseko chomwe. Kenako anatuluka mwakachetechete n'kubwerako akununkha utsi, nkhope ili pansi.

Apa m'pamene anatulukira mlamu wake wa Make Mapasa, mng'ono wawo wa a Malata, woyendetsa galimoto zazikulu. Mlamuyu ndi uja mtundu wa anthu amene akawerenga chinthu pafoni m'mawa, pofika masana amakhala atasanduka dokotala wake. Anatulutsa m'thumba kachipangizo kooneka ngati cholembera chonenepa. Anati ndi ndudu yamagetsi. Umakatchaja ngati foni, umathiramo timadzi take, ukakoka kamatulutsa nthunzi yonunkhira ngati maswiti. Moto palibe, phulusa palibe. Iye mwini anali atasiya nako ndudu, ndipo zimenezo zinali zoona.

"Alamu, pumulani," anatero. "Achimwene akangogwira aka, nkhani ya fodya yatha."

Make Mapasa anatsala pang'ono kuvina. Anataya kambale ka phulusa, anachapa makatani, anauza ndi anzake a kuntchito kuti kwawo fodya watha. A Malata nawo anakakonda kachipangizoko kuposa mmene anthu ankayembekezera. Kale ankasutira pakhonde basi, chifukwa mkazi wawo sankalola utsi m'nyumba. Koma poti aka sikanunkha, kanalowa pabalaza, kanalowa kuchipinda, mpaka kubafa ankapita nako. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza monyadira kuti chilandirireni kachipangizoka sanagulepo ndudu ngakhale imodzi.

Koma chilonda sichinamve nkhani yabwinoyi. Kuda kuja kunkakwera pang'onopang'ono, ndipo a Malata anayamba kugona phazi litalendewera m'mbali mwa bedi, ati likatero ululu umachepa.

Panalinso china chimene chinkamusowetsa mtendere Make Mapasa. Iye ankagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala za anthu, ndiye mphuno yake inazolowera kuwerenga nsalu. Ovolosi ya amuna ake inkabwera madzulo ikununkha utuchi, thukuta ndi fodya, fodya weniweni wa moto. Atawafunsa, anayankha mosavutika kuti ndi utsi wa anyamata a kuntchito, amasuta ngati ng'anjo ya njerwa ndipo munthu sungawathawe. Mayiyu anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira. Komabe akamafikisa kolala ya ovolosiyo m'beseni, mantha ankamubwerera, moti tsiku lina anapsereza malaya a kasitomala maganizo ali kuphazi.

Tsiku lina a Malata anaiwala mapiritsi awo patebulo. Make Mapasa anaweruka msanga, ndiye anaganiza zowapititsira. Anafika pamalo omangapo nthawi yopuma masana. Anadutsa milu ya mchenga ndi njerwa, n'kuwapeza amuna onse atakhala mozungulira pamthunzi wa khoma, ena pazidebe, ena pamatabwa. Iwo sanamuone.

Mmisiri wina anatulutsa ndudu imodzi. Sanaiyatse. Anadzuka, anawerama, n'kuipereka kwa a Malata ndi manja awiri pamodzi ndi machesi. A Malata anaiika pakamwa, anaiyatsa, anakoka kawiri mofatsa maso atatsinzina, n'kuipereka kwa amene anali kumanja kwawo. Nduduyo inayenda dzanja ndi dzanja kuzungulira bwalo lonse. Itatsala kachidutswa, inabwerera kwa a Malata, ndipo iwo ndiwo anaimaliza n'kuipondereza ndi phazi labwinolo. Ndudu yamagetsi ija inali m'thumba la pachifuwa, kamutu kake kakusuzumira.

Make Mapasa anaima pomwepo. Ankafuna kukuwa, koma sakanawachititsa manyazi amuna ake pamaso pa anthu amene amawatcha wamkulu. Anatsokomola, anapereka moni kwa onse, anapereka mapiritsi aja, n'kubwerera.

Madzulo, ana atapita kukatunga madzi, anawafunsa. Ankayembekezera kuti akana kapena apepesa. Chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti a Malata anadabwa moona mtima.

"Kusuta kwake kuti, amayi? Ine ndimangowayatsira. Ndudu ndinasiya kugula, inu nomwe mukudziwa."

Anafotokoza kuti pagulu lawo ndi mwambo wakalekale. Ndudu ndi ya onse, ndipo woyatsa ndi wamkulu pagulupo, womaliza ndi yemweyo. Iwo anadikira zaka zambiri kuti afike pampando umenewo. Kukana ndudu imene mnzako wakupatsa ndi manja awiri kuli ngati kumuuza kuti pakamwa pake mpauve, kapena kuti iwe wayamba kudzimva. Komanso panopa, pamene anawatsitsa padenga n'kumangoloza ndi chala anzawo akukhoma, ulemu umene unawatsalira ndi womwewo. Make Mapasa atafunsa kuti mwambowu umachitika kangati patsiku, a Malata anayang'ana kudenga. Anati m'mawa asanayambe, pa tiyi, masana, akamaliza mzere wa malata, mvula ikawadula ntchito, ndi poweruka.

"Ndiye mwasiya chiyani, bambo?" anafunsa mayiyu.

A Malata anati kukoka kawiri si kusuta, ndipo ngati pali poizoni wina amene akulowa, kachipangizo kaja kakuchotsa, poti mng'ono wawo ananena kuti n'kothandiza. Make Mapasa nayenso sankadziwa ngati kamachotsa kapena ayi. Anazindikira kuti onse awiri aika phazi la munthu m'manja mwa kachinthu kamene palibe ankakamvetsa.

Tsiku lokatsukitsa chilonda kuchipatala, Make Mapasa anapempha kuti asapite kuntchito, n'kuwaperekeza. Ali pabenchi yodikirira ankangopinda ndi kutambasula mpango wake. Namwino wa m'chipinda cha mabala anali mayi wamfupi, wamagalasi, wolankhula mosathamanga. Anamasula bandeji n'kuchiyang'anitsitsa chilondacho. Kenako namwinoyo anafunsa ngati bambo asiya fodya. A Malata anayankha mwamphamvu kuti anasiya kalekale, n'kutulutsa kachipangizo kaja ngati umboni.

Make Mapasa anayang'ana pansi. Kuulula kunali ngati kuwapereka amuna ake, koma kukhala chete kunali kupereka phazi. Asanasankhe, namwino anafunsanso mwa njira ina.

"Sindikufunsa zimene mumagula, bambo. Dzulo, ndudu yoyaka moto inafika pamilomo panu kangati?"

A Malata anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana chala chawo, n'kuyamba kufotokoza za mwambo uja. Namwino sanaseke ndipo sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anati zimenezi amaziona kawirikawiri: munthu amagula ndudu yamagetsi, amachepetsa ndudu wamba, n'kumadziwerengera m'gulu la osiya, chonsecho akusuta ziwiri zonse. Anafotokoza kuti utsi wa fodya woyaka, ngakhale wochepa, umawononga mitsempha ya magazi kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo mitsempha sifunsa kuti ndudu anagula ndani. Kachipangizoko sikatsuka chilichonse m'thupi. Kamangopereka nikotini, chinthu chija chimene chimabweretsa chibaba cha fodya, popanda kuwotcha masamba.

Make Mapasa anafunsa funso limene linkamudya masiku onsewa, ngati iye ndi amuna ake analakwitsa kukalandira kachipangizoko, ngati n'kabodza.

Namwino anati si kabodza, komanso si kamatsenga. Ofufuza apeza kuti ndudu zamagetsi zokhala ndi nikotini zimathandizadi anthu ena kusiya fodya, ndipo m'kafukufuku wina zinathandiza anthu ochulukirapo kuposa timapepala tomata pakhungu kapena chingamu cha nikotini. Koma ngakhale zili choncho, mwa anthu onse amene amayesa, ambiri sasiya ulendo woyamba, ena amatsala akusuta ziwiri zonse, ndipo ena amasiya ndudu koma n'kukodwa ndi kachipangizoko. Anati phindu limaoneka kwa munthu amene wasiyiratu ndudu yamoto, ndipo mwayi umakula akamalandiranso uphungu. Anawonjezera kuti nthunzi yake si mpweya wabwino. Ili ndi zinthu zina zowononga, ngakhale n'zochepa poyerekeza ndi utsi, ndipo zimene ingachite m'thupi pakapita zaka zambiri sizinadziwike bwino. N'chifukwa chake mayiko amasiyana malamulo, ena amalola, ena amaletsa.

"Ndipo kwa inu, bambo, nikotini yemweyo amafinya mitsempha," anatero. "Ndudu yamoto ithe lero. Aka tikagwiritse ntchito ngati pothawira chibaba, tizichepetsa mphamvu yake, mpaka nako mukasiye. Mukaona kuti sikakukuthandizani, tili ndi njira zina."

Anatembenukira kwa Make Mapasa n'kumuuza kuti timadzi take azitisunga pokhoma, chifukwa mwana wamng'ono akamwa ndi poizoni, ndiponso kachipangizoko kabwerere pakhonde, kasamasutidwe m'nyumba. Achinyamata ngati amapasa aja asakayese n'komwe, chimodzimodzi amayi oyembekezera ndi aliyense amene sasuta.

Kenako kunabwera dokotala. Anagwiragwira phazi, anamvetsera mitsempha ndi kachida kake, n'kunena zimene Make Mapasa ankaopa. Chala chaching'onocho chinali chitafa kale, sichikanapulumuka. Za phazi anati sakulonjeza, zidalira mmene bala lidzapolere akachotsa chalacho, ndipo kupolako kudalira magazi. A Malata, munthu amene ankayenda pamwamba pa nyumba zosanja akuimba mluzu, anagwira mkono wa mkazi wawo ngati mwana.

Chala chinadulidwa. M'chipatala kusiya ndudu sikunavute, poti munalibe wowapatsa. Chimene chinkamudetsa nkhawa Make Mapasa ndi tsiku lobwerera kuntchito, chifukwa namwino anali atanena kuti malo amene munthu anazolowera kusutirapo ndi amene amamugwetsa. Namwinoyo anawalangiza a Malata kuti akawauze anzawo poyera, asakangozemba. Bamboyo anavomera, koma mkazi wawo ankawadziwa. Ankadziwa kuti kukana ulemu kumawavuta kuposa kupirira ululu.

Choncho tsiku limene dokotala anawalola kukayamba ntchito yokhala pansi, anawaperekeza, ati kuwanyamulira chikwama poti anali kuyendera ndodo. Anafika anthu asanayambe ntchito. Amisiri anawalandira ndi chisangalalo, anawakonzera chidebe chawo chokhalira, bwalo linapangika. Make Mapasa anaima chapatali pafupi ndi mulu wa matabwa. Monga mwa masiku onse, mmisiri uja anadzuka, anawerama, n'kupereka ndudu ndi machesi ndi manja awiri.

A Malata anaiyang'ana nduduyo nthawi yaitali. Dzanja lawo linanyamuka, ndipo Make Mapasa anatseka maso. Atatsegula anaona kuti dzanjalo lapita kuphazi. Anamasula nsapato yotsegula imene anawapatsa kuchipatala, n'kutambasula mwendo pakati pa bwalo. Ngakhale panali bandeji, aliyense anaona pamene panaperewera.

"Anyamata, ulemu wanu ndaulandira zaka zonsezi, ndipo ndikuthokoza," anatero. "Koma wandidyera chala. Mukandipatsanso, mukundipempha phazi."

Mmisiri uja anatsala ali chiweramire, osadziwa kuti nduduyo aibweze m'thumba kapena aitaye. Wina anang'ung'udza kuti kukoka kamodzi sikunaphepo munthu. Kapitawo ndiye anadula nkhani. Anati kuyambira tsiku limenelo wofuna kusuta azipita kuseri kwa mulu wa mchenga, pabwalo pazikhala tiyi basi, ndipo kapu yoyamba izipita kwa wamkulu. Ena sanakondwe nazo, ndipo masiku oyambirira bwalo linkachepa anthu. Koma palibe anawapatsanso ndudu a Malata.

Sikuti zinayenda myaa. Chibaba chinkawagwira makamaka akatha kudya, ndiye ankatuluka pakhonde ndi kachipangizo kawo nkhope ili gwaa. Tsiku lina mvula itadula ntchito anagwa m'mayesero, anakoka ndudu ya mlonda wa pamalopo, koma ulendo uno anabwera kudzanena okha. Make Mapasa anakumbukira malangizo a namwino akuti kuterereka kamodzi si kubwerera, ndipo chofunika n'kupita kukanena. Anapita limodzi. Namwino anawafunsa chimene chinawakoka tsiku limenelo, n'kugwirizana nawo zoti mvula ikagwa azikhala pafupi ndi kapitawo, yemwe sasuta. Ulendo uliwonse wa uphungu ankatsitsa mphamvu ya timadzi tija, mpaka a Malata anayamba kukaiwala kachipangizoko kunyumba, ndipo pamapeto pake anakasiya. Mlamu uja anabwera kudzatenga ulemerero wake, koma namwino anali atatumiza uthenga woti nayenso akaonekere, chifukwa ndudu anasiyadi koma kachipangizo kake sikachoka pakamwa.

Bala linkatsekeka mochedwa kwambiri, moti Make Mapasa ankaopa kunena kuti likupola, kuopa kulitsekereza. Ulendo uliwonse wa kuchipatala ankalowa m'chipinda cha mabala ndi mantha. Kenako linafika tsiku limene namwino anamasula bandeji n'kusatenganso ina. Dokotala anayeza, anamvetsera, n'kunena kuti khungu lagwirana ndipo magazi akuyenda bwinoko. Mitsempha sidzabwerera mwakale, mankhwala azimwabe ndipo phazi azilisamala moyo wawo wonse, koma nkhani yodula yachoka patebulo. Akalimbitsa mwendo angayambe kukwera madenga afupiafupi.

Make Mapasa anathokoza mwaulemu, anatuluka, anafika pabenchi ya pakhonde la chipatala, n'kukhala pamenepo. Miyezi yonseyi sanalire, ngakhale tsiku lodula chala. Tsopano analira mosabisa, pamaso pa anthu odikira mzere. A Malata anaima pambali pake ndi mapazi awo awiri, akuchita manyazi, akuuza aliyense wodutsa kuti asadandaule, nkhani yake ndi yabwino.

Phunziro lake ndi ili. Ndudu yamagetsi ingathandize wosuta wina kusiya fodya, koma si onse, ndipo si yopanda vuto. Siteteza munthu amene akupitiriza kusuta ndudu yamoto, kaya yogula yekha, yopemphetsa kapena yongoyatsira anzake. Ngati mukufuna kusiya, musadalire za pafoni kapena za mnzanu zokha. Pitani kwa azaumoyo, nenani zoona zonse za mmene mumasutira, sankhani nawo njira yokuyenerani, ndipo uzani anthu amene mumasuta nawo kuti mwasiya. Cholinga n'kusiyiratu fodya, kenako nikotini yense. Amene simusuta, musayambe ndi yamagetsi yomwe. Ndipo chilonda cha kuphazi chikachedwa kupola, pitani kuchipatala msanga, chala chisanade.